HUMPHRY DAVY: MUNTHU AMENE ADATULUTSA CHITSULO M'PHULUSA

Anzanga nonse amene tidadutsa Fomu 3 ndi Fomu 4 pasukulu yathu, ndikhulupirira kuti simudaiwale tsiku lija aphunzitsi a sayansi adalowa mulabotale atanyamula kabotolo ka mafuta. M'kabotolomo mudali kanthu kotuwa kooneka ngati kachidutswa ka sopo wakale. Adakatulutsa ndi chopanira, n'kukadula ndi mpeni mosavuta ngati akudula mbatata yophika. Podulidwapo padanyezimira ngati siliva, koma tisanathe n'kudabwa komwe padali patachita kale mbuu. Kenaka adaponya kachibenthu kochepa ngati njere ya mpunga m'beseni la madzi. Kachibenthuko kadayamba kuthamangathamanga pamwamba pa madzi, kakufwenthera, mpaka kadatheratu. Amene adali kutsogolo adabwerera m'mbuyo, ndipo ife a kumbuyo tidakwera pamipando kuti tione bwino.

Tidauzidwa kuti chimenecho ndi chitsulo, dzina lake sodiyamu, ndi kuti chili ndi mkulu wake, potaziyamu, amene akangokhudza madzi amayaka moto. Tidalemba m'makope, tidaloweza mndandanda wa zitsulo kuyambira chaukali kwambiri kufikira golide amene satekeseka ndi mphepo kapena madzi, tidalemba mayeso a MSCE, basi n'kubalalika. Lero ena tili m'maofesi a boma, ena m'zipatala, ena kuminda ndi m'mabizinesi. Koma pali funso limene sindikumbuka kuti wina wa ife adafunsapo. Ngati chitsulo chimenechi sichingakhale pamphepo kapena m'madzi osawonongeka, kodi munthu woyamba kuchiona adachipeza kuti? M'kalata yathu ya ulendo uno ndati ndikufotokozereni mbiri ya munthu ameneyo. Dzina lake ndi Humphry Davy.

Mwana wa mmisiri wosema

Davy adabadwa pa 17 Disembala 1778 m'tauni yaing'ono ya Penzance, m'chigawo cha Cornwall, kunsonga ya kumwera chakumadzulo kwa dziko la England. Dera limeneli lidali la asodzi ndi anthu a m'migodi. Bambo ake, a Robert Davy, adali mmisiri wosema mitengo, ndipo Humphry adali woyamba mwa ana asanu. Kusukulu sadali mwana woti aphunzitsi n'kumuloza. Chimene ankakonda chidali kuwedza nsomba, kulemba ndakatulo ndi kusimbira anzake nthano.

M'chaka cha 1794 bambo ake adamwalira n'kusiya ngongole, iye ali ndi zaka pafupifupi 16. Chaka chotsatira adalowa ntchito yophunzira kwa John Bingham Borlase, dokotala wa m'tauniyo amene ankasakanizanso yekha mankhwala. Kuyunivesite sadaphunzireko. M'malo mwake adalemba m'kope lake ndondomeko ya maphunziro amene adafuna kudziphunzitsa yekha, kuphatikizapo zilankhulo zingapo. M'chaka cha 1797 adawerenga m'Chifalansa buku la Antoine Lavoisier, katswiri wa ku France amene adayala maziko a kemisitiri wa makono. Bukulo lidamgwira mtima kotero kuti adayamba kuyesa yekha zimene adawerengazo. Zipangizo zake zidali makapu a tiyi, matambula ndi timabotolo ta mankhwala.

Anthu awiri adaona kuti mwa mnyamatayu mudali kanthu. Mmodzi adali Gregory Watt, mwana wa James Watt uja wa makina oyendera nthunzi, amene adadzakhala m'nyumba ya mayi ake a Davy pofuna mphepo yabwino chifukwa ankadwaladwala. Wina adali Davies Giddy, munthu wophunzira ndi wachuma wa m'deralo, amene adamtsekulira chipinda chake cha mabuku. Kudzera mwa anthu amenewa dzina la Davy lidafika kwa Dr Thomas Beddoes wa ku Bristol.

Mpweya woseketsa

Beddoes ankatsekula malo ofufuzirako ngati mitundu ya mpweya imene idali itangodziwika kumene ingachize matenda monga chifuwa chachikulu. Mu Okutobala 1798 adalemba ntchito Davy, asanakwanitse n'zaka 20 zomwe, kuti aziyang'anira zofufuzazo.

Njira ya Davy idali yoopsa: ankayamba ndi kupuma yekha mpweya uliwonse kuti amve zimene ukuchita m'thupi. Ndi mmene adapezera kuti mpweya wa nitrous oxide umaledzeretsa ndi kuseketsa munthu, komanso umachepetsa ululu. M'buku lake la m'chaka cha 1800 adalemba kuti mpweyawu ungathandize pochita opaleshoni. Madokotala sadalabadire, ndipo padapita zaka zoposa 40 mpaka mu 1844 pamene Horace Wells wa ku America adaugwiritsa ntchito pozula dzino. Tsiku lina Davy adapuma mpweya wokhala ndi carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Adagwa, ndipo adapulumukira mkamwa mwa mbuzi.

Odwala a Beddoes sadachire ndi mpweya, koma buku lija lidatchukitsa Davy. M'chaka cha 1801 adaitanidwa ku London kukagwira ntchito ku Royal Institution, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1799 kuti liziphunzitsa sayansi kwa anthu wamba, ndipo mu 1802 adakhala pulofesa wa kemisitiri kumeneko. Luso lake losimba nthano lija lidagwira ntchito. Anthu mazanamazana, amuna ndi akazi, ankadzaza holo kudzamuona akuphulitsa ndi kuyatsa zinthu uku akufotokoza momveka bwino.

Zitsulo zobisala

Kuti timvetse ntchito yaikulu ya Davy, tiyeni tiyambe ndi zimene makolo athu ankadziwa. Golide amapezeka m'mitsinje ali golide ndithu, chifukwa sagwirana msanga ndi zinthu zina. Chitsulo cha makasu sichipezeka chotero. Chimakhala m'miyala chitagwirana ndi okosijeni, ndipo makolo athu ankachitulutsa m'ng'anjo poika miyalayo pamoto wa makala. Makala amalanda okosijeniyo, chitsulo n'kutsala chokha. Lamulo lake ndi lakuti chinthu chikakhala chaukali kwambiri, chimagwiranso chinzake mwamphamvu kwambiri, ndipo kuchilekanitsa kumavuta. Choncho zitsulo zaukali koposa ndizo zidabisala nthawi yaitali koposa, ngakhale zidali m'khitchini ya munthu aliyense.

Amayi athu akamadontheza madzi paphulusa kuti apeze chidulo chophikira therere, amakhala akutulutsa mchere wina umene Angerezi ankaupanga pouma madzi a phulusa m'miphika, n'kumautcha potashi. Akausakaniza ndi laimu umasanduka potashi wowawula khungu, amene ankapangira sopo. Padalinso mnzake, soda wowawula. Lavoisier adali atakayikira kale kuti ziwirizi si zinthu zoyambirira, kuti mkati mwake mudabisala kanthu kena, koma adalibe njira yoziphwanyira. Moto wa ng'anjo za nthawiyo sudaphule kanthu.

Chida chatsopano chidachokera ku Italy. M'chaka cha 1800 Alessandro Volta adalengeza za batire loyamba: timbale ta zitsulo ziwiri zosiyana, monga zinki ndi mkuwa, tosanjikizana, pakati pake pali kansalu konyowa ndi madzi a mchere. Chaka chomwecho William Nicholson ndi Anthony Carlisle a ku London adadutsitsa magetsi a batire lotere m'madzi, madziwo n'kugawika kukhala haidirojeni ndi okosijeni. Davy adasinkhasinkha za zimenezi kwa zaka zingapo. Mu Novembala 1806 adauza bungwe la Royal Society maganizo ake: mphamvu imene imagwirizanitsa zinthu ziwiri kukhala chinthu chimodzi ndi ya magetsi, choncho magetsi okwanira angathe kumasula chilichonse chimene chidagwirana. Asayansi a ku France adampatsa mphotho chifukwa cha nkhani imeneyi, ngakhale kuti nthawiyo dziko lawo, pansi pa Napoleon, lidali pankhondo ndi Britain.

Tsiku la 6 Okutobala 1807

Mawu okha sadali okwanira, padafunika umboni. Davy adayamba ndi potashi wosungunula m'madzi, koma magetsi adangophwanya madziwo n'kumusiya potashi ali chikhalire. Adazindikira kuti madzi ndiwo ankasokoneza. Pa 6 Okutobala 1807 adatenga kachibenthu ka potashi wouma, kongonyowa pang'ono pamwamba ndi chinyontho cha mumpweya, n'kukaika pakambale ka pulatinamu kolumikizidwa ku mbali ya negative ya batire lalikulu. Nthambo ya mbali ya positive adaigunditsa pamwamba pa kachibenthuko.

Potashi adayamba kusungunuka. Pamwamba padatuluka thovu la mpweya. Pansi, pakambale paja, padaoneka timadontho tonyezimira ngati siliva wosungunuka. Tina tidaphulika ndi lawi lowala titangotuluka, tina tidatsala n'kuchita mbuu pang'onopang'ono. Chidali chitsulo chimene diso la munthu lidali lisanachionepo chiyambire dziko. Msuweni wake, Edmund Davy, amene ankamuthandiza mulabotale, adasimba pambuyo pake kuti Humphry adavina m'chipindamo chifukwa cha chimwemwe, ndipo padapita kanthawi asanakhazikike kuti apitirize ntchito.

Chitsulocho adachitcha potaziyamu, kuchokera ku dzina la potashi. Patangopita masiku ochepa adachita chimodzimodzi ndi soda wowawula, n'kutulutsa sodiyamu. Zitsulo ziwirizi zidasokoneza zonse zimene anthu ankadziwa. Chitsulo chinkadziwika kuti ndi chinthu cholemera ndi cholimba, koma izi zidali zofewa ndi zopepuka mpaka kuyandama pamadzi. Potaziyamu akagwera m'madzi amalanda okosijeni mwaukali, haidirojeni amene watulukayo n'kuyaka ndi lawi lofiirira motuwa. Vuto loyamba la Davy lidali la kosungira chinthu chimene chimadya mphepo ndi madzi omwe. Adapeza kuti chimakhala bwino m'mafuta a naphtha, ndipo n'chifukwa chake aphunzitsi athu aja adabwera ndi kabotolo ka mafuta.

Adalengeza zimenezi mu Novembala 1807, kenaka adadwala kwambiri malungo aakulu kwa milungu ingapo, moti anthu adada nkhawa kuti satsala. Atachira adapitiriza. M'chaka cha 1808, pogwiritsa ntchito nzeru imene adaimva kwa Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden, yokolera chitsulo chotulukacho mu mercury, adatulutsa kashiamu wa mu laimu ndi choko, maginiziyamu, strontium ndi barium. Zitsulo zatsopano zisanu ndi chimodzi m'miyezi yosakwana 12, munthu wake asanafike zaka 30.

Ukali umenewu umachokera kuti?

Davy adaona kuti magetsi ndiwo mfungulo, koma chifukwa chenicheni sadachidziwe. Elekitironi idadziwika mu 1897 ndi J. J. Thomson, Davy atamwalira kalekale, ndipo ngakhale chiphunzitso cha maatomu cha John Dalton iye ankachikayikira. Ife tili ndi mwayi wodziwa zimene iye adangoziona ndi maso.

Atomu iliyonse ili ndi phata pakati, ndipo mozungulira phatalo muli maelekitironi okhala m'mizere. Atomu imakhazikika mzere wake wakunja ukakhala wodzaza. Sodiyamu ali ndi maelekitironi 11: awiri mumzere woyamba, 8 mumzere wachiwiri, ndi imodzi yokha kunja. Imodzi imeneyi ndiyo gwero la ukali wonse. Atomu ya sodiyamu ikangokumana ndi chinthu chofuna elekitironi, imaipereka msangamsanga. Potaziyamu ali ndi 19, ndipo nayenso ali ndi imodzi kunja, koma yake ili mumzere wachinayi, kutali ndi phata, kotero kuti phatalo limaigwira mofooka. Imachoka mosavuta koposa ya sodiyamu, n'chifukwa chake potaziyamu ndiye mkulu paukali.

Atomu ikataya kapena kulandira elekitironi imasanduka ayoni, ndipo khalidwe lake limasinthiratu. Taonani mchere umene timathira m'ndiwo. Mbali imodzi ndi sodiyamu, chitsulo chothamanga pamadzi chija. Mbali inayo ndi kolorini, mpweya wapoizoni amene mzere wake wakunja uli ndi maelekitironi 7 ndipo amangosowa imodzi. Sodiyamu akapereka, kolorini akalandira, onse awiri amakhala maayoni okhazikika, wina wa positive wina wa negative, ndipo amakokana n'kukhala mchere woti mwana anyambite. Potaziyamu amene ali mu nthochi ndi mu nyemba, amenenso chilembo K chimaimira pamatumba a feteleza, ndi ayoni, ndipo popanda iye mtima wa munthu sungagunde bwino. Kusiyana kwa chakudya ndi moto pamenepa ndi elekitironi imodzi. Chimene batire la Davy lidachita ndi kukankhira elekitironi ija kubwerera pa ayoni mokakamiza, ayoniyo n'kukhalanso atomu yaukali.

Kolorini yemweyu ndi Davy amene adamutcha dzina. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden adaupanga mpweyawu mu 1774, koma akatswiri ankakhulupirira kuti mkati mwake muli okosijeni, potsata chiphunzitso cha Lavoisier chakuti asidi aliyense amakhala ndi okosijeni. Davy adayesa njira zonse kuti atulutsemo okosijeni, osapezamo. M'chaka cha 1810 adalengeza kuti mpweyawu ndi elementi payokha, n'kuutcha dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lonena za mtundu wake wobiriwira mwachikasu. Mnyamata amene adaphunzira kemisitiri m'buku la Lavoisier ndiye adadzakonza cholakwa cha mwini bukulo.

Kalata ya womanga mabuku

Mu Epulo 1812 Davy adapatsidwa ulemu wa Sir, ndipo patangopita masiku atatu adakwatira Jane Apreece, mayi wamasiye wachuma. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mankhwala ena a nitrogen ndi kolorini adamuphulikira n'kumuvulaza diso, moti kwa kanthawi sankatha kulemba.

Pakati pa anthu amene adamvera maphunziro ake a chaka chimenecho padali mnyamata wina wosauka, mwana wa mmisiri wosula zitsulo, amene ankaphunzira ntchito yomanga mabuku. Dzina lake lidali Michael Faraday. Iye adalemba mwaukhondo zonse zimene adamva, n'kuzimanga kukhala buku, n'kulitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Davy adayankha kalatayo, ndipo mu Malichi 1813, malo atapezeka, Faraday adalembedwa ntchito yothandiza mulabotale.

Kuyambira Okutobala 1813 mpaka Epulo 1815 Davy ndi mkazi wake adayendera maiko a ku Ulaya, atamutenga Faraday. Ku Paris Davy adafufuza chinthu chatsopano chimene Bernard Courtois adachipeza m'phulusa la zomera za m'nyanja, n'kuona kuti ndi elementi yofanana khalidwe ndi kolorini. Imeneyi ndi ayodini amene lero amathiridwa mu mchere wathu poteteza chithokomiro. Ku Florence adatentha dayamondi ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa m'galasi lalikulu, n'kutsimikiza kuti mwala wamtengo wapatali umenewu ndi kaboni basi, mbale wake wa makala. Kwa Faraday ulendowu udali ngati yunivesite, koma udalinso wowawa. Wantchito wa Davy adakana kupita nawo, choncho Faraday ndiye ankagwira ntchito zake, ndipo mayi Davy ankamuona ngati wantchito wa m'nyumba.

Nyali ya m'migodi

Pa 25 Meyi 1812 mgodi wa malasha wa Felling, pafupi ndi Newcastle, udaphulika n'kupha amuna ndi anyamata 92. Choyambitsa chidali mpweya wa methane umene umatuluka m'malasha. Ukasakanikirana ndi mphepo n'kukumana ndi lawi la kandulo, umaphulika. Ngozi zotere sizachilendo kwa ife: mu Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie, ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, udaphulika n'kupha anthu oposa 400, ena mwa iwo ochokera ku Malawi ndi ku Zambia.

M'chaka cha 1815 anthu a kumpoto kwa England adapempha Davy kuti awathandize. Iye adatenga mpweyawo n'kuufufuza mulabotale pamodzi ndi Faraday. Adapeza kuti methane sayaka pokhapokha atatenthedwa kwambiri, ndiponso kuti lawi silingadutse m'timabowo ting'onoting'ono ta chitsulo, chifukwa chitsulocho chimamwa kutenthako n'kukumwaza. Choncho adakuta lawi la nyali ndi sefa ya waya wosalala. Mpweya umalowa ndi kuyaka mkati mwa sefa, koma moto sutulukira kunja. Komanso lawi limasintha maonekedwe mpweya woipa ukachuluka, ndipo potero limachenjeza mwini nyali. Nyaliyi idayesedwa mumgodi wa Hebburn mu Januwale 1816 ndipo idagwira ntchito.

Anzake adamuuza kuti alembetse nyaliyo m'dzina lake kuti aliyense woipanga azimulipira. Iye adakana, ndipo eni migodi adamuthokoza ndi mbale zasiliva. Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina. George Stephenson, amene adadzatchuka ndi sitima zapamtunda, adapanganso nyali yake nthawi yomweyo, ndipo padabuka mkangano woipa wa yemwe adayamba. Davy, amene iye mwini sadapite kuyunivesite, sadafune kuvomereza kuti mmisiri wa kumgodi wosaphunzira angatulukire chinthu chotere payekha. Ndiponso nyaliyo sidathetse imfa m'migodi. Kuwala kwake kudali kochepa, sefa ikachita dzimbiri idali yoopsa, ndipo eni migodi adapezerapo mwayi wotumiza anthu m'malo akuya amene kale ankaopedwa.

Ukakwera pamsana pa njovu

M'chaka cha 1820 Davy adasankhidwa kukhala pulezidenti wa Royal Society, mpando wapamwamba koposa wa sayansi m'dzikolo. Apa ndi pamene mbiri yake imayamba kuda. Faraday adali atayamba kutulukira zinthu zakezake. Mu 1821 adaonetsa kuti magetsi angathe kuzunguza waya mozungulira maginito, chimene chili chiyambi cha mota iliyonse ya magetsi. Kudamveka manong'onong'o akuti adaba nzeru za William Wollaston, ndipo Davy, m'malo moteteza wophunzira wake, adakhala mbali ya onenawo. Dzina la Faraday litaperekedwa kuti akhale membala wa Royal Society, Davy adatsutsa. Mamembala sadamumvere, ndipo Faraday adasankhidwa mu Januwale 1824. Akulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Munthu amene adatsekuliridwa chitseko ndi Giddy ndi Beddoes, amenenso adatsekulira Faraday, adafuna kuchitseka ataona kuti mwanayo akumupitirira.

Cha m'nthawi yomweyo adalandira ntchito ina yaikulu. Zombo zankhondo za Britain zinkakutidwa ndi mkuwa kunsi, koma madzi a m'nyanja ankaudya mkuwawo. Davy adagwiritsa ntchito mndandanda uja tidaloweza. Adalangiza kuti pamkuwapo akhomerepo tizidutswa ta zinki kapena ta chitsulo wamba. Popeza izi ndi zaukali kuposa mkuwa, ndizo zimayamba kupereka maelekitironi ndi kudyeka, mkuwa n'kutsala wosakhudzidwa. Nzeruyo idagwiradi ntchito, koma padatuluka chimene sadachiyembekezere. Mkuwa ukamadyeka umatulutsa maayoni amene ndi poizoni ku ndere ndi tinkhono ta m'nyanja. Utaleka kudyeka, zamoyozo zidamatirira kunsi kwa zombo mpaka zombozo kumayenda mwaulesi. Akuluakulu a zombo adalamula kuti tizidutswato tichotsedwe, ndipo nyuzipepala zidamuseka. Komatu lamulo lake lidali loona. Mpaka lero zombo zachitsulo ndi mapaipi okwiriridwa pansi amatetezedwa m'njira imeneyi, ndipo malata a padenga pathu amachedwa kuchita dzimbiri chifukwa cha zinki amene amadyeka m'malo mwa chitsulo.

Masiku otsiriza

Chakumapeto kwa 1826 Davy adagwidwa ndi matenda ofa ziwalo, ndipo mu 1827 adatula pansi udindo wake. Ukwati wake sudali wachimwemwe ndipo sadakhale ndi ana. Miyezi yake yotsiriza adaithera m'maulendo a ku Austria ndi Italy, akuwedza nsomba ndi kulemba mabuku. Matendawo adamubwereranso ali ku Rome, ndipo mng'ono wake John ndi mkazi wake adapita kukamusamala. Ali paulendo wobwerera kwawo, adamwalira mumzinda wa Geneva ku Switzerland pa 29 Meyi 1829, ali ndi zaka 50. Manda ake ali komweko, ndipo ku Penzance kuli chipilala chake.

Ntchito yake adaipitiriza ndi Faraday yemwe uja. Mu 1831 adapeza njira yopangira magetsi ndi maginito, imene majenereta a pa Nkula ndi Tedzani pamtsinje wa Shire amagwiritsa ntchito. Mu 1834, mothandizidwa ndi William Whewell wa ku Cambridge, adapereka dzina lakuti ayoni kwa tinthu timene timayenda kupita ku nthambo za batire, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza choyenda. Ndipo ngakhale adachitiridwa zowawa, Faraday adapitiriza kulemekeza dzina la mphunzitsi wake.

Mbale zasiliva za eni migodi zija, potsata chifuniro cha Davy, zidadzasungunulidwa kuti ndalama zake zikhazikitse mendulo ya akatswiri a kemisitiri. Oyamba kuilandira, mu 1877, adali Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen, mwini dzina la chitofu chija tinkayatsa mulabotale. Awiriwa adatulukira caesium ndi rubidium, abale a potaziyamu omuposa ukali. Mu 1882 idapita kwa Dmitri Mendeleev ndi Lothar Meyer, amene adasanja maelementi m'tebulo lija linkapachikidwa pakhoma, momwe sodiyamu ndi potaziyamu ali mumzere umodzi wotsika. Mu 1902 adailandira Svante Arrhenius, amene adafotokoza kuti mchere ukasungunuka m'madzi umagawika kukhala maayoni.

Anzanga, ambiri a ife tafika pamsinkhu umene makalata a achinyamata opempha ntchito kapena malangizo amafikira patebulo lathu. Ena timawayankha, ena amakhalitsa mufayilo. Davy adatulutsa zitsulo zisanu ndi chimodzi ndi kupulumutsa anthu ambiri a m'migodi, koma pa zonse zimene adachita, kuyankha kalata ya womanga mabuku uja ndi kumene kudabala zipatso zochuluka koposa, ndipo kumuchitira nsanje pambuyo pake ndiko kudadetsa dzina lake. Zonse ziwiri zili m'manja mwathu. Kalata yotere ikakupezani sabata ino, iwerengeni mpaka kumapeto.